Jeti, Chikale ndi Kalwe: malo amene analera ana a ku Nkhata Bay

Lolemba masana, huta ikulira kuseri kwa phiri.

Sitimayo isanaoneke n'komwe, tauni yonse yadziwa kale kuti Ilala yabwerako ku Chilumba.

Mayi wokazinga chinangwa wasenza beseni lake. Anyamata onyamula katundu amene anagona pamthunzi adzambatuka. Akabaza aliza njinga zawo. Matumba a chimanga, malata, mitolo ya nkhuni, makireti a zakumwa ndi matiresi atsopano, zonse zaunjikidwa pafupi ndi jeti kudikira ulendo wausiku wa ku Chizumulu ndi Likoma.

Koma oyamba kufika si amalonda ayi.

Ndi ana.

Ena akadali m'yunifolomu, makope ali m'jumbo. Ena ali chifuwa pamtunda, kabudula akudontha madzi chifukwa hutayo yawapeza akusambira. Alibe katundu woti akweze. Alibe m'bale woti amchingamire. Angobwera kudzaona sitima, monga ankachitira makolo awo, monganso ankachitira agogo awo.

Mufunseni munthu wamkulu amene anakulira pa boma la Nkhata Bay, kaya lero ali ku Area 25 ku Lilongwe, ku Ndirande kapena ku Joni, kuti akusimbireni za ubwana wake. Kawirikawiri sayamba ndi nyumba imene ankagonamo. Amayamba ndi jeti. Kenako matanthwe odumphirapo, mchenga wa ku Chikale, nkhalango ya Kalwe.

Malo onsewa analibe geti, ndipo mwana wa msodzi ndi mwana wa bwanamkubwa wa pa boma ankafikapo mofanana.

Nkhani ya malowa inabukanso m'chaka cha 2024 pamene nyanja inakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pamlingo wa nyanja zamchere, msinkhu umene inali isanafikepo kwa zaka zambiri. Magombe anamira m'maboma onse a m'mbali mwa nyanja. Amene anabwera kudzacheza kwawo anapeza madzi pamene ankasewera phada. Madziwo angathe kuphwera. Chimene chikudetsa nkhawa kwambiri ndi zina zimene zikudya malowa pang'onopang'ono, zomwe sizibwerera m'mbuyo.

Tauni yopanikizika

Kuti mumvetse ubwana wa kuno, yambani mwaona mmene tauniyi inakhalira.

Nkhata Bay yakhala pa timagombe tiwiri tolowa kumtunda, pakati pake pali kamtunda kotsomphokera m'nyanja. Kumbuyo kuli mapiri okhaokha. Nyumba zimachita kukakamira m'zitunda, ndipo njira iliyonse ndi chikweza kapena chitsikitsiko. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 14,274 m'tauniyi, koma malo athyathyathya ndi ochepa zedi: msika, depoti, maofesi aboma, bwalo la mpira, basi atha.

Mwana wa ku Lilongwe ali ndi madambo ndi misewu yafumbi yothamangamo. Wa kuno alibe zimenezo.

Ali ndi nyanja.

N'chifukwa chake ukachotsa gombe m'moyo wa mwana wa ku Nkhata Bay, sunamulande malo amodzi mwa malo ambiri. Wamulanda pafupifupi onse.

Pa jeti

Ilala inapangidwa m'chaka cha 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, mumzinda wa Glasgow ku Scotland. Inabwera zidutswazidutswa kudzera pa doko la Beira, anadzailumikiza kuno kunyanja, n'kuyamba kuyenda mu 1951. Apa n'kuti papita zaka zisanu chimirire sitima ya Viphya, imene inapha anthu 145 m'mwezi wa Julaye 1946 kufupi ndi Chilumba.

Ndiye kuti gogo amene anaiona Ilala koyamba ali m'kalasi yoyamba, lero wadutsa zaka 80.

Kwa ana a zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene wailesi inali MBC yokha ndipo kanema wa dziko lino anali asanabwere (TVM inadzayamba mu 1999), sitimayi ndiyo inali zenera loonera kunja. Mayina a Usisya, Ruarwe, Nkhotakota, Chipoka ndi Monkey Bay ankawadziwa asanawaone pamapu. Ankaona anthu a ku Likoma akutsika ndi mitanga ya nsomba zouma n'kukwera ndi ufa ndi nkhuni. Ankamva Chiswahili kwa amalonda ochokera ku Mbamba Bay, tsidya lija la Tanzania. Ankatsatira azungu a zikwama zakumsana mpaka pamene akukagona, kuyeserera Chingerezi cha m'kalasi.

Sitima ikafika usiku, magetsi ake ali phuliphuli pamadzi, ana ambiri ankazemba pakhomo. Chikwapu cha m'mawa ankachidziwa, komabe ankapita.

Pa jeti pomwepa ndi pamene ana ambiri anaphunzira kutsanzikana.

Atonga akhala akupita kunja kukagwira ntchito kwa zaka zoposa 100. Sukulu za mishoni ya Livingstonia, imene inasamukira ku Bandawe mu 1881, zinatulutsa anyamata odziwa kulemba ndi kuwerenga pamene ntchito zowayenera kuno kunalibe. Anapita ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya ku Joni. Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira anakafika ku Cape Town, kumene mu 1919 anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, amatero akuluakulu, ndipo boma lino mwambiwu laukwaniritsa mopitirira muyeso.

Ena anabwerako ndi masutikesi, zipewa ndi nsapato zonyezimira. Ena anatchona.

Masiku ano ulendo wa ku Joni ndi wa basi, koma kuchoka sikunathe. Nyumba zambiri zamalata zimene zikukwera m'mapirimu zamangidwa ndi ndalama za ku South Africa, ndipo ana ambiri akuleredwa ndi agogo. Bambo akaimba foni pa WhatsApp kuchokera ku Joni, amafunsa za sukulu, kenako amafunsa ngati mwanayo wayamba kusambira kufika pathanthwe lija. Chimene bambo ndi mwana amene sanaonane zaka zingapo angakambirane momvana ndi malo amene onse awiri akuwadziwa.

Pali chinanso chimene jeti imasunga.

Pa 3 Malichi 1959, Bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza kuti zinthu zafika poipa m'dziko la Nyasaland, atsogoleri a chipani cha Congress anagwidwa mbandakucha. Dr Hastings Kamuzu Banda anamutengera kundende ya Gwelo. Ogwidwa a kumpoto anawaika m'sitima ya Mpasa, imene inaima pa Nkhata Bay. Khamu la anthu linatsikira kudoko kukafuna abale awo. DC wa nthawiyo, John Brock, analimbana nalo khamulo kwa maola angapo ali ndi apolisi owerengeka, mpaka kunafika asilikali. Iwowa anaomba mfuti.

Lipoti la Devlin, lofufuza zimene zinachitikazi, linati anafa pamenepa ndi anthu 20, mwa anthu 51 amene anaphedwa m'dziko lonse pa nyengoyo. Eni dera amatchula chiwerengero choposa 30.

Amene anakula m'nthawi ya Kamuzu amalikumbuka tsiku la 3 Malichi kuti linali loopsa kwa mwana. Kunalibe mpira, kunalibe kuseka mokweza, wailesi inkangoimba nyimbo zachisoni. Kwina konse m'Malawi ana ankangouzidwa kuti kunafa anthu. Ana a kuno ankaloza malo ake. Ankadziwa agogo amene anathawira m'madzi, ankadziwa khomo limene linalira maliro, ankadziwa njira ya ku manda a ku Kakumbi kumene mpaka lero akuluakulu aboma amakaika nkhata zamaluwa.

Tsiku lotsatira ankabwerera kukasambira pomwepo.

Sukulu ya pamatanthwe

Gombe la Nkhata Bay si la mchenga wautali ngati la ku Salima kapena Chintheche. Mbali yaikulu ndi miyala, ndipo madzi amazama msanga. Kumpoto kwa tauniyi ndi kumene nyanja ya Malawi inazama kwambiri, pafupifupi mamita 700.

Pamatanthwe amenewa panali sukulu yopanda mphunzitsi wolembedwa ntchito.

Wamng'ono ankayamba ndi kuvuvuta m'mphepete, atagwira mwala. Akalimba mtima ankasambira kufika pa bwato lomangidwa chapafupi. Kenako thanthwe lalifupi. Kenako lalitali, limene ukaimapo mawondo amanjenjemera anzako akukuwa pansi. Tsiku lodumpha pathanthwe lalitali munthu saliiwala ngakhale atakalamba.

Madzi a kuno ndi oyera moti umaona mbuna zabuluu ndi zachikasu zikudya ndere pamiyala. Nsomba zimenezi azungu amalipira ndalama kuti azione atavala magalasi, ndipo asayansi a m'mayunivesite akunja azilembera mabuku. Ana a kuno ankaziwedza ndi kambedza ndi nyongolotsi, n'kukaziotcha pamoto wa zinyalala.

Bwato nalo lili ndi mayeso ake. Mlendo akakwera bwato logoba limagudubuka nthawi yomweyo. Mwana wa kuno amakhala pamphepete pake, miyendo m'kati, nkhafi m'manja, n'kumapita osagwedezeka. Amadziwanso kuwerenga mphepo. Mwera ukayamba, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nyanja imasanduka ina, ndipo mwana amene sanamvere akulu pa za mwera ndi amene mudzi unkamulira.

Tisanamizane, nyanjayi yatenga ana. Yapatsa ambiri likodzo. Mu 2022 kolera inavuta kwambiri m'boma lino, makamaka m'madoko a asodzi. Amene amakumbuka ubwana wa kunyanja mokoma amakumbukanso dzina la mnzawo amene sanavuuke. Koma mankhwala a zimenezi ndi zimbudzi, madzi a m'mipopi ndi akulu oyang'anira. Kutsekera ana kumtunda sikuphunzitsa aliyense kusambira.

Usiku nyali za asodzi zimayala mzere kutali pamadzi. Siginala amakhala m'bwato lake ndi nyali kukopa usipa, anzake n'kuzinga ndi ukonde wa chilimira. M'mawa kukacha maboti akamakocheza, ana amakhala alipo kale. Wogwira chingwe, wokapa madzi m'boti, wothandiza kuyanika pathandala, aliyense amalandira kadzanja ka usipa. Ana ambiri ndiwo zoyamba kubweretsa pakhomo ndi thukuta lawo zinali zimenezi, ndipo mayi akaziphika n'kuziika pambali pa kondowole, mwanayo ankadya ali chinyadire.

Asodzi achikulire amanena poyera kuti nsomba zachepa. Maukonde a maso ang'onoang'ono, ngakhale maneti a udzudzu, akokolola ndi tiana tomwe. Bungwe la Ripple Africa lakhala likugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko m'boma lino kuteteza malo oswanirana nsomba. Komabe pamene usipa wasanduka ndalama yowerengedwa ndi chigoba, dzanja lopatsa mwana nalo lafupika.

Atsikana ubwana wawo wa kunyanja unali wina. Iwo ankapita ndi mapoto, mbale ndi zovala zochapa, ndipo kusambira ankachita kuba pakati pa ntchito. Ankadziwa zithaphwi zoviikamo chinangwa, fungo lake, ndi miyala yoyanikapo. Koma gombe lomwelo ndi pamene ankaphunzitsana nyimbo ndi masitepe a chilimika, gule wa chaka chatsopano, pamene anyamata ankasirira abambo a malipenga atavala zoyera zosita bwino. Mayi wina aliyense wa kuno akamakamba za kudoko, amakamba za anzake, osati za mapoto.

Ndiye pali nkhungu. Tizilombo touluka timeneti timatuluka m'nyanja mwa mamiliyoni, n'kukwera kumwamba ngati utsi wa lupsa. Mphepo ikatikankhira kumtunda, amayi ndi ana amathamanga ndi malichero onyowetsa, kuwagwedeza m'mwamba, kenako n'kuumba timikate ta ndiwo. David Livingstone anaziona zimenezi pamene anayenda panyanjayi mu 1861, ndipo mpaka pano mwana wa kuno akaona mtambo wakudawo sathawa, amathamangira lichero.

Chikale

Kuchoka pamsika kupita kummwera, kukwera chitunda n'kutsikanso, pamtunda wa makilomita awiri kapena kuposerapo pang'ono, pali Chikale.

Apa ndiye pali mchenga weniweni.

Kwa ana a m'tauni, Chikale anali malo a masiku akuluakulu. Pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere ankapita atavala zatsopano, ndalama ya Fanta ndi sikono ili m'thumba, n'kubwerako madzulo zovala zili mchenga wokhawokha. Ana a sukulu a ku Mzuzu, amene kwawo n'kozizira, ambiri nyanja anaiona koyamba pa Chikale, ataimirira m'mphepete kuopa mafunde pamene eni dera akuwaseka.

Lero njira ya ku Chikale ikudutsa kuseri kwa malo ogona alendo. Mayina a Mayoka Village, Butterfly Space ndi Njaya Lodge akudziwika ndi alendo a m'mayiko ambiri, ndipo m'tauni muli Aqua Africa, kumene anthu amaphunzira kumira pansi pa nyanja ndi mabotolo a mpweya. Malo oterewa abweretsa ntchito. Alipo ophika, alonda, osema ziboliboli ndi anyamata a maboti otengera alendo kukaponyera nkhwazi nsomba, amene ana awo akuphunzira ndi ndalama ya alendo. Ena mwa malowa amathandizanso sukulu ndi magulu a m'mudzi. Wonena kuti zokopa alendo zaononga Nkhata Bay sanakhale ndi njala.

Vuto lili pa kuchuluka kwa mipanda. Puloti iliyonse ya m'mbali mwa nyanja ikagulidwa, kaya ndi mzungu, kaya ndi Mmalawi wa ku Lilongwe womanga kanyumba kopumulirako, kanjira kamodzi kotsikira kumadzi kamatsekeka. Palibe amene amatseka gombe lonse tsiku limodzi. Aliyense amatseka kake kokha. Mwana amene agogo ake ankatsika molunjika kuchokera pakhomo, iye amazungulira, ndipo akafika amapeza mlonda.

Pa Chikale penipeni Loweruka ndi Lamlungu pamakhala magalimoto, zimkuzamawu ndi mowa. Akulu akusangalala, ndi ufulu wawo. Koma mabotolo osweka mumchenga amacheka phazi la mwana amene alibe nsapato.

Madzi a 2024 atakwera, mchenga wotsala unachepa kwambiri. Nyanjayi imakwera ndi kutsika kuyambira kale: pakati pa 1915 ndi 1935 inatsika mpaka mtsinje wa Shire unaleka kutuluka, ndipo cha mu 1980 inakwera koposa. Kale madzi akabwera, anthu ankangosunthira kumtunda pang'ono. Tsopano kumtundako kuli khoma la njerwa.

Kumtunda: Kalwe ndi mipira ya labala

Si zonse zinali za m'madzi.

Mukamatuluka m'tauni kulowera ku Mzuzu mumadutsa nkhalango ya Kalwe, kachigawo kotsala ka nkhalango zobiriwira chaka chonse zimene zinkakuta dera lamvula lino. Ana ankapitako ndi amayi awo kukatola nkhuni ndi kuzula bowa nthawi ya dzinja. Munali mdima ngakhale masana, apusi akulumpha m'mitengo, ndipo anyamata a malegeni ankalowamo mtima uli m'mwamba.

Chipatala chatsopano cha boma chinamangidwa m'dera lomweli, ndipo mbali ina ya nkhalangoyi inagwetsedwa. Amene ananyamulapo mayi wodwala kupita naye kuchipatala chakale chopanikizika cha m'tauni sangatsutse kuti chatsopano chinkafunika. Chodandaulitsa n'chakuti mitengo ya msinkhu umene uja siimera m'moyo wa munthu mmodzi, ndipo yotsalayo ikuthera ku makala ndi matabwa.

Chakummwera, m'mbali mwa msewu wa M5 wopita ku Chintheche, kuli minda ya labala ya Vizara. Aliyense wodutsa pamenepa amawadziwa anyamata oimika mipira m'mwamba kuitanira magalimoto. Ndi mipira yokulunga ndi timizere ta labala, yodumpha modabwitsa. Pamene ana a kwina ankamenya chikulunga cha mapepala ndi luzi, a ku Nkhata Bay anali ndi mpira wodunda. Mwana wopita kutchuthi kwa achibale ku Mzimba kapena ku Kasungu atanyamula mpira umenewu ankasanduka mfumu ya bwalo.

Nthochi nazo zinali paliponse, kuseri kwa nyumba iliyonse, moti mwana sankapempha. Matenda a chisaka, amene anayamba kufala m'mbali mwa nyanja m'zaka za m'ma 1990, anapululutsa minda yambiri. Lero mwana wa m'boma limene linkadyetsa Mzuzu nthochi amagula imodziimodzi pamsika.

Ndani asunge njira?

Ana a lero sali pa chisoni ayi. Akusambirabe, akudumphabe pamiyala imene yatsala, ndipo ali ndi zina zimene makolo awo analibe: sukulu yaulere ya pulayimale kuyambira 1994, mafoni, mpira wa ku England m'mashedi a kanema. Adzakhala nazo zawo zokumbuka.

Koma malo amene mwana angafike popanda kulipira kapena kupempha akuchepa chaka ndi chaka, ndipo kuchepako kukuchitika ndi masiginecha a anthu odziwika maudindo awo. Malo a m'tauni ndi ozungulira amadutsa m'manja mwa khonsolo ya boma la Nkhata Bay, unduna wa zamalo, ndi mafumu a m'dera la Senior Chief Mkumbira. Ambiri mwa amene amakhala pamipando imeneyi anaphunzira kusambira pamiyala yomweyi.

Chofunika si ndalama zambiri. Khonsolo ikhoza kuyenda m'gombe lonse kuchokera kudoko mpaka kupitirira Chikale, pamodzi ndi mafumu, asodzi ndi amayi ochapa, n'kulemba njira zonse zotsikira kumadzi zimene zikadalipo. Njirazo ziikidwe pamapu a tauni ndi zipilala za simenti, ndipo aliyense wogula puloti auzidwe asanalipire kuti mpanda wake ulekezera apa. Gawo lina la mchenga wa Chikale likhale la ana ndi mabanja, lopanda galimoto ndi mabotolo. Eni malo ogona alendo amene amasiya kale anthu kudutsa ayamikiridwe poyera, kuti enawo achite manyazi.

Atonga a ku Joni, ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amene amasonkha ndalama za maliro ndi za matchalitchi kwawo mosanyinyirika, ali ndi mawu pankhaniyi. Ena mwa iwo ndi omwe akugula mapulotiwo.

Nthawi yochitira zimenezi ndi yochepa. Msewu wa makilomita pafupifupi 50 wochokera ku Mzuzu, umene kale unali wokhotakhota ndi wa maenje, unamangidwanso ndi ndalama za African Development Bank, ndipo ulendo wake tsopano sukwana ola limodzi pagalimoto yabwino. Munthu wofuna malo a m'mbali mwa nyanja amamwa tiyi ku Mzuzu Loweruka m'mawa, pofika 10 koloko ali kale pagombe ndi tepi yoyezera.